Ulendo wa ku zigwembe za m'chipululu cha Namibia: tinyamuke Ogasiti kapena Disembala?

NaPhiri, Chelstone

Ndikupereka moni kwa inu nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndine mphunzitsi kuno ku Lusaka, ndipo ndili m'kagulu ka anthu amene timayenda pansi Loweruka m'mamawa cha kumsewu wa Leopards Hill pofuna kulimbitsa thupi. Takhala tikusonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti tikaone chipululu cha ku Namibia ndi maso athu, makamaka zigwembe zopapatiza zimene madzi anagoba m'miyala, zija zimene munthu amayenda pansi pake makoma atamupanikiza uku ndi uku, thambo likungooneka pang'ono pamwamba. Ena mwa ife akufunanso kukaponda malo okokoloka otchedwa badlands, kumene kulibe mtengo kapena udzu koma timapiri ndi makwawa okhaokha.

Chimene chatigawanitsa ndi nthawi yonyamukira. Ambiri m'gululi ndife aphunzitsi, choncho tikusankha pakati pa tchuthi cha Ogasiti ndi cha Disembala. Anzanga ochuluka akukonda Disembala chifukwa ndalama zidzakhala zitakwana bwino, komanso amuna ndi akazi athu amene amagwira ntchito m'maofesi amapuma nthawi imeneyo. Iwo akunena kuti m'chipululu mvula siigwa, ndiye nkhani ya dzinja sikutikhudza. Ine mtima wanga sukukhazikika, pakuti ndinamvapo kuti anthu amakokoloka ndi madzi m'zigwembe zimenezi dzuwa likuswa mtengo. Kodi zimenezi n'zoona, ndipo ngati n'zoona zimachitika bwanji?

Funso langa lachiwiri ndi lakuti, kwa anthu amene sitinayendepo ulendo wogona m'tchire titabereka katundu kumsana, kodi tingathe kuyenda m'chigwembe chachikulu cha Fish River Canyon, kapena tiyambire ku chigwembe chaching'ono cha Sesriem? M'gulu lathu muli amayi awiri amene apitirira zaka 55, ndipo mmodzi amamwa mankhwala a BP. Sindikufuna kuti tikawasiye kumbuyo, komanso sindikufuna kuti tikawaike pangozi chifukwa cha changu chathu. Amene mukudziwa, chonde tithandizeni.

A Tembo, Kabwata

Mayi NaPhiri, mtima wanu sukukunamizani, ndipo ndikupempha kuti yankho langali mukawawerengere anzanuwo. Ndisanapume pa ntchito ndinkayeza malo omangapo milatho ndi makalavati, ndipo funso loyamba pa ntchito imeneyo linkakhala lakuti madzi odutsa pano amachokera dera lalikulu bwanji. Mvula imene imagwa pamalo enieniwo tinkaifunsa pambuyo. Funso lomwelo ndi limene munthu ayenera kudzifunsa asanalowe m'chigwembe.

Ife a ku Lusaka tinazolowera kusefukira kwa madzi kwa mtundu umodzi. Mzinda wathu uli pamalo athyathyathya, choncho mvula ikagwa ku Kanyama kapena ku Misisi madzi amangodikha n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo mwini nyumba amawaona akufika pakhomo, amapeza mpata wokweza matiresi ndi thumba la ufa. Komanso mvula imene yabweretsa madziwo ndi yomweyo imene yatinyowetsa ifeyo, ndiye tinaphunzira kukhulupirira mitambo ya pamutu pathu. M'chipululu chizolowezi chimenechi n'chimene chimaphetsa anthu. Nthaka ya kumeneko ndi thanthwe ndi dothi louma gwa lopanda udzu woti ugwire madzi, kotero kuti mvula yamabingu ikagwa paphiri, ngakhale ya theka la ola, madzi amene amalowa pansi ndi ochepa kwambiri. Zili ngati denga lalikulu la malata limene madzi ake onse akutsikira m'paipi imodzi, ndipo inu mwaima m'paipimo. Popeza madziwo alibe pomwazikira, amakwera m'mwamba mamita angapo m'mphindi zochepa, ndipo sabwera okha ayi, amabwera ndi mchenga, miyala ndi zipika. Makoma ndi osalala chifukwa madzi omwewo ndi amene akhala akuwapala kwa zaka zikwizikwi, ndiye palibe pogwira.

Izi zinachitikadi, ndipo kangapo. Pa 12 Ogasiti 1997 alendo 11 anafa m'chigwembe cha Lower Antelope pafupi ndi tauni ya Page ku Arizona, m'dziko la America. Pamalo pomwepo panangogwa timadontho, koma mvula yamphamvu inali itagwa makilomita pafupifupi 11 kumtunda, ndipo amene anapulumuka anali wowatsogolera yekha, atavulala kwambiri. Mu Sepitembala 2015 anthu 7 anafa m'chigwembe cha Keyhole ku Zion National Park ku Utah. Tisaganize kuti ndi nkhani za kutsidya kwa nyanja kokha, pakuti ku Hell's Gate ku Kenya achinyamata 7 a gulu la kumpingo anakokoloka mu Epulo 2012, ndipo pa 1 Sepitembala 2019 madzi anatenganso anthu 7 m'chigwembe chomwecho, kuphatikizapo wowatsogolera. Nkhani ya achinyamata a kumpingo ija imandikhudza kwambiri, chifukwa anali gulu lofanana ndi magulu athu omwe, losonkha ndalama limodzi ndi kunyamuka mokondwa.

Tsopano za Sesriem. Chigwembe chimenecho chinagobedwa ndi mtsinje wa Tsauchab, umene umayambira m'mapiri a Naukluft n'kukathera mumchenga ku Sossusvlei. Kutalika kwake ndi pafupifupi kilomita imodzi, kuya kwake kumafika mamita 30, ndipo pena m'lifupi ndi mamita awiri okha. Mvula ya m'mapiri amenewo imagwa nthawi yofanana ndi yathu, ndipo imachuluka kuyambira Januwale mpaka Malichi, koma mabingu oyamba angathe kufika mu Disembala. Anzanu akunena zoona kuti ndi yochepa, ndipo pali zaka zimene mtsinjewo suyenda n'komwe. Koma akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo chigwembe chilichonse chotere chilipo chifukwa madzi amadutsamo. Mukalowa, mukayang'ane m'mwamba: mukaona chipika kapena zinyatsi zitakodwa pakati pa makoma pamwamba pa mutu wanu, mudziwe kuti madzi anafika pamenepo.

Zizindikiro zina zimene anthu oyenda m'malo otere amaphunzitsana ndi izi: madzi oyera akayamba kuda ndi kunyamula timitengo, mphepo ikatulukira mwadzidzidzi kuchokera kumtunda ili ndi fungo la dothi lonyowa, kapena mukamva mkokomo wosadukiza. Zikatero tayani chikwama, kwerani pamalo aliwonse okwera amene ali pafupi, ndipo musathamange kulowera kumunsi chifukwa madziwo simungawapose liwiro. Koma kunena zoona, m'malo opapatiza kwambiri zizindikirozi zimafika mochedwa, ndipo chitetezo chenicheni ndi kusalowamo tsiku lokayikitsa.

Muchenjerenso ndi malangizo a pa intaneti onena za miyezi. Ambiri amalembedwa ndi anthu a ku America, kumene mvula yamabingu ya m'chipululu imagwa kuyambira Julayi mpaka Sepitembala, ndiye iwo amaopa Ogasiti. Ku Namibia Ogasiti ndi pakati pa chilimwe chouma. Ine ndikuti pitani Ogasiti, ngakhale zitatanthauza kuchepetsa masiku a ulendo kuti ndalama zikwane.

NaBanda, Chilenje

Achemwali anga aphunzitsi, zimene anena Bambo Tembo sindikuchotsapo kanthu, koma ndikuopa kuti mungawerenge n'kuganiza kuti mukapewa dzinja ndiye kuti mwapewa zonse. Ine ndine namwino, ndipo ndinayendamo mu Fish River Canyon ndi gulu la anzanga. Chimene chimagwetsa anthu ambiri kumeneko si madzi osefukira ayi, ndi kutentha, ludzu ndi mapazi.

Poyamba, nkhani ya Disembala yatha yokha, chifukwa njira ya mu Fish River imatsegulidwa kuyambira pa 1 Meyi mpaka pa 15 Sepitembala basi. Miyezi inayo amatseka chifukwa pansi pa chigwembe kutentha kumapitirira madigiri 40, komanso mtsinje ungathe kudzaza. Muyenera kusungitsa malo ku Namibia Wildlife Resorts, kampani ya boma yoyang'anira misasa ya alendo, nthawi ikadalipo, gulu lisachepere anthu atatu, ndipo aliyense amafunika kalata ya dokotala yotsimikiza kuti ali ndi mphamvu, yolembedwa m'masiku 40 asananyamuke. Kalata imeneyi musaitenge ngati mwambo chabe wongodinditsa, makamaka kwa mayi a BP aja.

Chachiwiri, Fish River si chigwembe chopapatiza chimene mwachifotokoza. Ndi chigwa chachikulu zedi, chotalika makilomita pafupifupi 160, pena chotambalala makilomita 27, chakuya mpaka mamita 550. Njira yoyenda pansi ndi ya makilomita pafupifupi 85, kuchokera kufupi ndi msasa wa Hobas kukafika ku akasupe otentha a Ai-Ais, ndipo anthu ambiri amaimaliza m'masiku anayi kapena asanu. Mulibe nyumba, mulibe sitolo, mulibe netiweki ya foni. Chakudya, chitofu cha gasi, zofunda, zonse zili kumsana kwanu. Kutsika kokha tsiku loyamba kumamaliza mawondo, pakuti malo ena ndi otsetsereka kwambiri mpaka anamangirira matcheni ogwirira, ndipo munthu amafika pansi miyendo ikunjenjemera yokha. Mukafika pansipo simupeza njira yosalala ngati ya Leopards Hill. Mumadumpha miyala ikuluikulu yoviringika chikwama chikukukokerani kumbuyo, kenako mumalowa mumchenga wotitimira umene phazi lililonse limabwerera theka, kenako mumawoloka mtsinje, n'kuyambanso miyala. Mchenga umalowa m'jombo, umasakanikirana ndi thukuta, ndipo pofika madzulo khungu la kuchidendene latupa matuza. Ndinaona bambo wamphamvu, wothamanga mipikisano, atakhala pamwala akumata pulasitala chala chilichonse asanavale masokosi, ndipo tsiku limenelo gulu lonse linayenda pa liwiro lake. Njira zotulukira pangozi zilipo zochepa, ndipo nazonso ndi zitunda zoopsa.

Sindikunena izi pofuna kukufooketsani, pakuti malowo ndi okongola kosaneneka. Pali kasupe wa madzi otentha onunkha sulufule wozunguliridwa ndi mitengo ya kanjedza, pali manda a msilikali wa ku Germany, Thilo von Trotha, amene anafera momwemo mu 1905, ndipo usiku nyenyezi zimadzaza thambo lonse. Koma gulu limene silinagonepo m'tchire lisayambire pamenepo. Mukhoza kukaima pamalo oonera a ku Hobas n'kuona chigwembe chonse kuchokera pamwamba, ngakhale kuti alendo a tsiku limodzi saloledwa kutsikira pansi.

Kulikonse kumene musankhe, za madzi ndi zimodzi. Mpweya wa kumeneko ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma musanalione, ndiye munthu amatha madzi m'thupi asakudziwa. Aliyense akhale ndi malita osachepera anayi pa tsiku loyenda, ndipo azimwa pang'onopang'ono asanamve ludzu. Madzi okha sakwanira, chifukwa thupi limatayanso mchere, choncho tengani mapaketi a ORS ndi zakudya zamchere monga mtedza wokazinga. Mkodzo ukayamba kuda, mutu ukuwawa, kapena mnzanu akayamba kuyankha zosagwirizana, mukhazikeni pamthunzi, mumunyowetse zovala, ndipo ulendo wa tsikulo uthere pomwepo. Mayi a BP akafunse dokotala wawo ngati mankhwala awo ali a mtundu wokodzetsa, chifukwa amenewo amafulumizitsa kutha kwa madzi m'thupi. Ogasiti usiku kumazizira kwambiri m'chipululu, nthawi zina kuposa Juni wa kuno, ndiye majuzi musawasiye. M'mawa muzikutumula nsapato musanavale chifukwa cha zinkhanira.

A Mwale, Kalingalinga

Mayi, ine ndiyankha za badlands, poti akulu anzanga sanazikhudze. Ndinaphunzira za miyala ndi nthaka, ndipo malo amenewa ndimawakonda kuposa zigwembe zopapatiza.

Malo otere amapangika pamene pali dothi kapena miyala yofewa, zomera zochepa, ndi mvula yosowa koma yamphamvu ikabwera. Madzi amang'amba nthaka kukhala timakwawa tambirimbiri tolumikizana, ndipo pakati pake pamatsala timapiri takuthwa ndi zipilala. Odziwika kwambiri ndi a ku Badlands National Park ku South Dakota, kumene nthaka imakokoloka pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa chaka, liwiro lalikulu kwambiri pa nkhani ya miyala. Kukokoloka kumeneku kumafukula mafupa a nyama zakale, monga makolo a akavalo ndi a zipembere. Dothi la kumeneko lili ndi dongo lochokera ku phulusa la mapiri ophulika, limene limatupa likanyowa, la mtundu womwewo umene uli m'makande a m'madambo a Kafue. Likauma limasweka timibulu totereretsa phazi, ndipo likanyowa limamatirira ku nsapato mpaka phazi kulemera, moti kachitunda kamene munakwera mosavuta m'mawa simungakatsikenso mutaimirira.

Ngozi ina ya malo amenewa ndi kusochera. Khwawa lililonse limafanana ndi linzake, ndipo mukatsikira pansi simuonanso galimoto kapena phiri limene munaliika chizindikiro. Mthunzi kulibe. Kukwera n'kosavuta kuposa kutsika chifukwa dothi limagumuka m'manja, choncho musakwere pamene simunaone potsikira.

Ku Namibia malo amene angakupatseni chithunzi chimenechi ndi Moon Landscape, kum'mawa kwa Swakopmund, kumene mtsinje wa Swakop ndi timitsinje take tinadya miyala yakalekale n'kusiya zitunda zopanda kanthu mpaka kumene maso alekezera. Ali m'dera lotetezedwa la Namib-Naukluft, ndiye pamafunika chilolezo, ndipo njira yomweyo imakufikitsani ku zomera za welwitschia, zimene zimakhala ndi masamba awiri okha moyo wake wonse ndipo zina zakhala zaka zopitirira 1,000. Ndikupempha kuti mukayende m'njira zoikidwa basi. Pamiyala ya kumeneko pamamera ndere zimene zimadalira nkhungu ya kunyanja, zimakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo mkukuluzi wa tayala limodzi umaoneka kwa zaka makumi angapo. Mukapeza fupa kapena mwala wachilendo, jambulani, musatole.

Komanso musaganize kuti zoterezi zili kutali kokha. Ku Malawi kuli zipilala za Malape m'boma la Machinga, ku Tanzania kuli Isimila pafupi ndi Iringa, ndipo ku Karonga ndi kumene anafukula mafupa a dinosaur wotchedwa Malawisaurus m'nthaka yokokoloka ya mtundu womwewu. Chigwa chathu cha Luangwa nacho chili ndi mafupa a nyama zimene zinakhalako ma dinosaur asanabwere.

Za Sesriem ndikugwirizana ndi Bambo Tembo, ndipo ndi malo oyenera gulu lanu. Mukatsikamo mukagwire khoma ndi dzanja. Mudzaona kuti si thanthwe limodzi, koma timiyala toviringika, tina tating'ono tina tokwana m'dzanja, tomatidwa pamodzi ndi mchenga ndi laimu m'mizeremizere. Timiyala timeneto tinabwera ndi mtsinje womwewo kuchokera ku Naukluft kalekale, ndipo pambuyo pake mtsinjewo unadulanso zimene unaunjika wokha. Mzere wa miyala ikuluikulu umasonyeza nthawi imene madzi anali amphamvu, wa mchenga wosalala nthawi imene anali ofatsa. Kwa aphunzitsi, limeneli ndi phunziro loti mukabwere nalo kwa ana.

NaPhiri, Chelstone

Bambo Tembo, achemwali NaBanda ndi Bambo Mwale, zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu. Ndinawerengera gulu lonse mayankho anu titamaliza kuyenda, ndipo tagwirizana kuti tinyamuka Ogasiti, tikaona Sesriem ndi Moon Landscape, ndipo Fish River tiisiya kaye mpaka titaphunzira kugona m'tchire konkuno. Amene amaumirira Disembala anangoti chete atamva za achinyamata a ku Hell's Gate. Mayi a BP aja akuti akaonana ndi dokotala wawo mwezi uno.

Chatsala ndi kayendedwe. Kodi kuchokera kuno tingafike ku Sesriem pa basi, kapena tiyenera kubwereka galimoto? Komanso achinyamata awiri m'gulu lathu akunena kuti, popeza chigwembe cha Sesriem ndi chachifupi, iwo adzapita okha kukafufuza makwawa ena apafupi pamene akuluakulu akupuma. Ine sindinawayankhe, ndikufuna ndimve kaye maganizo anu.

A Tembo, Kabwata

Mayi, pa basi mungafike mpaka ku Windhoek, kudzera ku Livingstone, Sesheke, mlatho wa ku Katima Mulilo ndi Rundu, koma ndi ulendo wautali ndithu, choncho muikepo tsiku lopumula musanapitirire. Kuchokera ku Windhoek kupita ku Sesriem ndi makilomita opitirira 300, ndipo gawo lalikulu ndi msewu wamiyala, ndiye mufunika kubwereka galimoto yokwera kapena kupangana ndi kampani yonyamula alendo. Woyendetsa asathamange pamsewu wamiyalawo, chifukwa galimoto imaterereka mosachenjeza, ndipo muonetsetse kuti tayala lapadera lilipo ndi lopopa. Chigwembe chili makilomita anayi kapena asanu kuchokera pachipata cha Sesriem, ndipo milu ya mchenga ya Sossusvlei ili makilomita pafupifupi 60 mkati, makilomita asanu omalizira ndi mchenga wofuna galimoto ya 4x4. Chipata chakunja chimatsegulidwa dzuwa likamatuluka ndi kutsekedwa likamalowa.

Achinyamatawo muwakanize. Mu Epulo 2003 Aron Ralston analowa yekha m'chigwembe cha Bluejohn ku Utah osauza munthu kumene akupita. Mwala unagubuduzika n'kumupanikiza dzanja kukhoma, ndipo atakhala masiku asanu osapezeka anadzidula mkono kuti apulumuke. Iyeyo anali katswiri wokwera mapiri. Ngati ana anuwo akufuna kuyenda kwambiri, ku Naukluft kuli njira zodziwika za tsiku limodzi, ya Olive ya makilomita 10 ndi ya Waterkloof ya makilomita 17, ndipo apite osachepera atatu, atauza ogwira ntchito pamalopo nthawi imene abwerere. Musadalire foni, chifukwa netiweki imathera pafupi ndi misasa.

Malo ogona a ku Sesriem musungitse msanga, mwezi uno ngati n'kotheka, pakuti Ogasiti ndi nthawi imene alendo a ku Ulaya amakhala pa tchuthi ndipo msasa wa mkati mwa chipata umadzaza miyezi ingapo nthawiyo isanakwane.